Chala Chothamangitsa Madeya

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inayamba kubwerera m'mbuyo, m'zaka za m'ma 1950, ine ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo ukwati wangawo unatsala pang'ono kutha chifukwa cha madeya a mpunga. Anzanga maukwati awo ankagwedezeka chifukwa cha kachasu, ena chifukwa cha akazi a ku Songani. Wanga ayi, madeya. Mpaka lero ndikakumbukira, ndimapsa mtima kwinaku ndikuseka.

Amuna anga anali Mlomwe, ndipo makolo awo anachokera kutsidya kwa nyanja, kwa Apwitikizi. Asanandikwatire ankachapa zovala kwa mzungu wina ku Zomba. Kumeneko anabwerako ndi zinthu ziwiri: sopo wautali wodula ndi mpeni, ndi matenda osamba m'manja. Akagwira khasu, kusamba m'manja. Akagwira nkhuku, kusamba m'manja. Kwathu sopo tinkamudziwa, koma anali wa pa Khirisimasi ndi wa mwana wobadwa kumene. Masiku ena onse tinkachapa ndi masamba a papaya n'kutsuka mbale ndi phulusa. Koma iwo kachidutswa ka sopo kankakhala m'thumba la kabudula, mmene ena amasungira fodya.

Monga mkamwini, anadzakhala kwathu. Bambo anga anali atamwalira kale, choncho mawu pa mbumba yathu anali ndi amalume, achimwene awo a mayi. Amuna anga anamanga nyumba kuseri kwa ya mayi. Zipupa zinaima, phaso analimanga bwino ndi luzi, udzu anamweta n'kuunjika pambali. Kunangotsala kufolera. Podikira, tinkagona m'kakhitchini ka mayi, mmene munthu ukatambasula miyendo unkakankha mphika.

Ndiwanene bwino amuna angawo. Anali munthu wakhama, wosamwa, wosamenya. Vuto lawo linali limodzi: ankakonda kuonereredwa. Ana akasonkhana awiri atatu, iwo basi ayamba zionetsero.

Chionetsero chawo chachikulu chinali cha beseni. Nthawi imeneyo tinali titakolola mpunga, pabwalo paliponse pali mtondo, madeya ali mbwee. Iwo ankatunga madzi m'beseni langa loyera la paukwati, n'kuwaza timadeya tosalala pamwamba mpaka madzi osaoneka. Kenako ankaima chilili, chifuwa patsogolo, kutsanzira asilikali amene ankawaona akuguba ku Zomba. Ankafuula kuti, "Thawani!" n'kugusa chala pakati pa madzi. Timadeya tonse balala, kuthawira m'mphepete mwa beseni, pakati n'kutsala madzi oyera mbee. Ana ankakuwa, kugubuduka pansi, kupempha kuti abwereze. Iwo ankakana monyada, amati msilikali salamula kawiri. Ankataya madziwo n'kumapita.

Ndinawafunsa kukhitchini kuja kuti chimachitika n'chiyani. Anandinong'oneza kuti ndi sopo wotsalira kuchala basi, anaphunzira kwa anzawo ochapa. Anandiuza kuti ndisaulule, ana angasiye kuwapatsa ulemu. Ndinaseka n'kuiwala.

Koma nyanja inali ikupita. Doko limene tinkagulirapo matemba linasanduka thope long'aluka. Asodzi ankakoka mabwato mtunda wautali, thope lili m'mawondo, asanapeze madzi oyandamapo. Madzi otsalawo anali amchere, obiriwira, onunkha. Anthu ankati zikapitirira, ku chilumba cha Chisi tidzapita wapansi. Akuluakulu ankakumbukira kuti nyanjayi inachitapo zotere kale, koma kukumbukira sikudzaza mono, ndipo aliyense ankafuna wina womuloza chala.

Amalume anali msodzi, mwini bwato, ndiponso munthu wokhala kutsogolo m'tchalitchi. Nkhani iliyonse yoopsa ankaiyamba ndi mawu akuti, "Ine ndine Mkhristu, zamatsenga sindikhulupirira." Ukangomva choncho unkadziwa kuti zamatsenga zikubwera. Tsiku lina akuchokera kudoko chimanjamanja, anapeza chionetsero chili mkati. Anaima kumbuyo kwa ana. Anamva "Thawani!" uja, anaona madeya akuthawa, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Akamwini," anatero, "mwati chiyani kwa madziwo?"

"Ndi masewera chabe, amalume."

"Ine ndine Mkhristu, zamatsenga sindikhulupirira. Koma chibwerereni inu pamudzi pano nyanja ikuthawa. Lero ndaona ndi maso anga mukulamula za m'madzi kuti zithawe, ndipo zakumverani. Kodi kudoko munapitako?"

Amuna anga anavomera kuti anapitako, kukagula nsomba za makumba.

"Munagwira madzi?"

"Ndinasamba m'manja."

Amalume anagwira pakamwa. Ine ndinali pamtondo, ndipo ndinafuna kuwaponyera munsi onse awiri.

Apa amuna anga anachita mantha, naulula zonse. Anatulutsa kasopo kaja m'thumba, nati chinsinsi ndi ichi, aliyense angathe. Anapempha chala cha amalume, nachipaka sopo, nawazanso madeya atsopano m'beseni lomwelo, m'madzi omwewo. Amalume anagusa chala. Madeya anangoti phee. Anagusanso. Kamodzi kokha kanasuntha pang'ono n'kukakamira kuchikhadabo chawo. Amuna anga anawonjezera sopo, thukuta lili kamukamu, nati yesaninso mwamphamvu. Palibe chinachitika.

"Ndiye si sopo," anatero amalume, akupukuta chala pa malaya. "Ndi inuyo."

Madzulo ake anaitana mayi n'kugamula. Anati atumiza mawu kwa ankhoswe a kuchimuna kuti abwere Loweruka la sabata yotsatira adzaone okha. Ngati chala cha mkamwini chidzathamangitsenso madeya pamaso pa onse, munthuyo adzanyamule mphasa yake abwerere kwawo. Ndipo mpaka nkhaniyi itatha, asafolere nyumba, chifukwa munthu wopita safunika denga.

Mawu a dengawo ndi amene anandilasa. Ndinali ndi pakati pa mwana woyamba, ngakhale mimba inali isanaonekere. Tsiku lililonse ndinkaona phaso lili pamtunda, udzu uli pansi, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndinkawakonda amuna angawo, ndi uchitsiru wawo womwe, ndipo sindinkafuna kuti mwana wanga adzamve kuti bambo ake anathamangitsidwa chifukwa choopseza madeya.

Mwamwambo wathu mayi ndi mkamwini wawo sankalankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Akafuna kumuuza kanthu, ankauza ine, kapena nkhuku, kapena mtengo wa mango, mokweza ndithu kuti mwini nkhani amve. Sabata imeneyo ngakhale nkhuku sanaziuze kalikonse.

Amuna anga anafooka. Ankakhala pa mulu wa udzu uja akuyang'ana chala chawo ngati chawalakwira. Anafika pondifunsa kuti, "Kodi mwina ndi zoona? Mwina agogo anga anali ndi kanthu kena sanatiuze?" Ndinawalanda sopo n'kuwauza kuti apite kumunda.

Ine ndinatenga beseni, mtsuko ndi madeya, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinapaka sopo chala changa, ndinagusa, madeya balala. Ndiye kuti nanenso ndine woumitsa nyanja. Ndinawazanso madeya, ndinagusanso, phee. Ndinataya madzi, ndinathira ena, ndinagusa: anangosuntha mwaulesi. Ndinatsuka beseni ndi mchenga, ndinatsukuluza bwinobwino, ndinathira madzi atsopano, balala! Ndinayesa ndi chala cha kuphazi. Ndinayesa ndi kamtengo. Ndinagwira nkhuku ya mayi n'kuipaka sopo kuphazi, ndipo nayonso inathamangitsa madeya, kenako inandikala pamkono n'kuthawa nayonso. Ndinapita kuchitsime maulendo ambirimbiri mpaka amayi a kumeneko anayamba kufunsa ngati kwathu tikufulula mowa.

Pofika madzulo ndinali nditamvetsa. Nkhani si mwini chala. Nkhani ndi amene wayamba. Sopo akangokhudza madzi oyera, amayala kanthu kake kopyapyala pamwamba ponse, kosaoneka ndi maso, ndipo poyala paja ndi pamene amakankhira madeya m'mphepete. Akayala wayala. Wobwera pambuyo, ngakhale atapaka sopo mpaka m'chigongono, sapeza poyala. Patapita zaka zambiri mdzukulu wanga wina wa sukulu anandiuza kuti mu sopo muli tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana nawo. Akuti timandandalikana pamwamba, mitu m'madzi michira m'mwamba, ngati abakha akamasaka chakudya m'dambo, n'kumakankhana mpaka titadzaza ponse. Ndinamuuza kuti abakha akewo ine ndinawapeza kalekale kuseri kwa nkhokwe, kungoti sindinawaone michira.

Ndikanatha kupita kwa amalume kukawafotokozera. Koma amalume ndinkawadziwa. Akanati mkamwini wandiphunzitsa, kapena wandipatsirako. Munthu amene bwato lake lagona m'thope safuna kufotokozeredwa. Amafunika kuona, ndipo aone pa chala chake.

Amuna anga sindinawauze kanthu, chifukwa nkhope yawo sinkasunga chinsinsi. Ndinangobisa sopo yense, ndipo masiku otsalawo ndinkawakwecha m'manja ndi mchenga mpaka ankadandaula kuti ndiwasenda. Anavutika kwambiri. Munthu anazolowera thovu, tsopano ankayenda manja ali patali ndi thupi ngati si ake.

Loweruka lija linafika. Kuchimuna kunabwera akulu awo a amuna anga, munthu wamtali wosalankhulalankhula, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Anakhala pansi pa mango. Anthu ena a m'mudzi anabweranso, aliyense akunamizira kuti akungodutsa. Beseni ndinali nditalikwecha mpaka linkawala. Madzi anakatunga mayi okha, kuti pasakhale wonena kuti ndachitapo kanthu.

M'mawa umenewo ndinali nditanyika kachidutswa ka sopo mpaka kanafewa ngati phala, ndipo ndinakabisa m'chikhatho. Amalume atangofika, ndinathamanga n'kugwada pamaso pawo. Ndinagwira dzanja lawo lamanja ndi manja anga onse awiri n'kuyamba kulira.

"Amalume, ndichitireni chisoni! Ndine mwana wanu ine! Bambo anga kulibe, ndinu nokha!"

Misozi inali yeniyeni, musaganize kuti ndinkanama. Koma pamene maso ankalira, chala changa chachikulu chinali pa ntchito, kukanikizira sopo m'chikhadabo cha chala chawo cholozera. Zikhadabo za amalume zinali zazitali, zolimba, zoti ungasungemo mbewu. Za fungo sindinade nkhawa, popeza munthu wogwira milamba moyo wake wonse samva fungo la chinthu china.

"Basi, basi, mwanawe," anatero akukoka dzanja. "Choonadi chioneka lero."

Ndiye anayamba kulankhula. Amalume akayamba kulankhula, dzuwa linkasuntha. Anayambira pa chigumula cha m'Baibulo, anadutsa pa nsomba zimene ankapha ali mnyamata, anafika pa mtengo wa mchere ku Songani. Nthawi yonseyo ine maso anali pa chala chija. Analoza nacho kunyanja. Analoza nacho kumwamba. Anakanda nacho m'mutu, mtima wanga unati phaa. Anachilowetsa m'khutu n'kuchizunguza, ine ndinayamba kupemphera. Anatapa nacho fodya wa mphuno, nayetsemula, napukuta dzanja lonse pa bondo. Ndinkangoti, Ambuye, katsaleko kochepa, ntchitoyi sifuna wambiri.

Potsiriza anawaza madeya m'beseni ndi dzanja lamanzere, nati, "Akamwini, bwerani muonetse abale anu."

Amuna anga anaimirira. Apa ndi pamene ndinalankhula, nditagwada, maso pansi, mawu aulemu kwambiri amene ndinawatulutsapo m'moyo wanga.

"Pepani akuluakulu, ine ndine mwana. Koma pakhomo pano chibadwire sindinaone mkamwini akupisa dzanja m'beseni amalume asanapise. Alendo angapite akunena kuti kuno kulibe mwambo."

Kwathu madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Mlamu wanga wa jekete uja anagwedeza mutu, nati, "Zoona. Ndiponso tione kaye mmene chala chabwino chimachitira, kuti choipacho tichizindikire."

Amalume anakondwera. Kupatsidwa ulemu pagulu kunali ndiwo zawo. Anapinda malaya, anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi, nati, "Onani dzanja la munthu wopemphera." Anatsitsa chala chija pang'onopang'ono mpaka chinakhudza madzi.

Balala!

Sindinaonepo madeya akuthawa ngati tsiku limenelo. Anakaunjikana m'mphepete, pakati n'kutsala madzi oyera, ndipo m'madzimo munkaoneka nkhope ya amalume, kukamwa kuli yasa. Mwana wina kumbuyo anafuula kuti, "Sananene n'komwe kuti thawani!" Mayi ake anamutseka pakamwa.

Mlamu wanga anawaza madeya ena, nauza mng'ono wake kuti ayese. Amuna anga anatseka maso, nagusa chala. Phee. Anatsegula diso limodzi. Anagusanso. Madeya anangokhala ngati sakuwadziwa.

"Madziwa ndi olakwika!" anakuwa amalume. "Bweretsani ena!"

Mayi anadzuka. Anataya madzi, anakwecha beseni ndi mchenga, anatsukuluza, nathira atsopano. Ndinadabwa kuti akutsukiranji mosamala chonchi, pamene palibe anawauza. Ulendo uno amalume analamula kuti mkamwini ayambe. Mwamwayi manja aja ndinali nditawakwecha sabata yathunthu. Anagusa, madeya phee. Amalume anapuma mwamphamvu, anapukuta chala pa malaya, anachiuzira mpweya, nachigusa.

Balala kachiwiri. Chikhadabo chija chinali nkhokwe ndithu.

Amalume anakhala pansi pafumbi, osafuna ndi mpando womwe. Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, nalitalikitsa ndi thupi. Patapita kanthawi anati, mawu ali pansipansi, "Wandipatsira."

"Kapena ndinu munamupatsira iyeyu," anatero mlamu wanga, osaseka ngakhale pang'ono. "Inu nyanja mumaigwira tsiku lililonse. Tsono amene chala chake chathamangitsa madeya anyamule mphasa, si mmene munagamulira? Ife tingakulandireni kwathu, malo alipo."

Anthu ongodutsa aja anayamba kutsokomola. Amalume anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenako anaimirira, anasasa fumbi, nanena kuti iwo ndi Mkhristu, zamatsenga sakhulupirira, nyanja ndi ya Mulungu ndipo imapita n'kubwera mmene Mwini wake wafunira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu akuluakulu ataya tsiku lonse kuyang'ana madeya. Atatero ananyamuka. Za mkamwini sananenepo kanthu, kaya akhale kaya apite. Za denga sanatchule n'komwe.

Kuyambira tsikulo amalume anasiya kugwira madzi ndi dzanja lamanja. Kudoko ankapita atalikulunga ndi kansanza. Kenako anaona kuti kusamala pang'ono sikukwanira, nasiyiratu kusamba. M'tchalitchi benchi lakutsogolo linatsala lawo okha. Amuna anga ankawamvera chisoni, ndipo nditawaululira zimene ndinachita ankafuna kukawauza, koma ndinawalonjeza kuti akangoyerekeza ndiwathamangitsa ndekha. Pamene mvula inadzagwa yambiri n'kubweza nyanja, amalume ankauza aliyense kuti pali anthu ena amene anadzimana kuti madziwa abwerere, koma sawatchula maina.

Koma zimenezo zinadza pambuyo. Madzulo a Loweruka lija, alendo atapita, nkhani yathu inali idakali m'malere. Palibe anati pitani, palibe anati khalani. Amuna anga anakakhala pa mulu wa udzu uja, kuopa kukhudza ngakhale mtolo umodzi. Ine ndinali kukhitchini ndi mayi, tikusankha mpunga m'lichero. Kenako mayi, maso ali pa mpunga, anati:

"Sopo uja ukandidulireko. Wa m'chikhadabo cha achimwene sangakwane kuchapira."

Lichero linatsala pang'ono kundigwa. Ndinawayang'ana, koma iwo ankangotola timiyala. Ndinazindikira kuti nkhokwe imene ndinkabisalako inali yawo, nkhuku inandikala ija inali yawo, ndipo beseni sanalikweche mwangozi.

Atamaliza anadzuka, anatuluka panja, naima chofulatira mulu wa udzu. Nkhuku zinali zikulowa m'khola. Anaziyang'ana n'kukweza mawu kuti amveke mpaka kuseri.

"Inu nkhuku inu! Kodi udzu uwu mwauyesa wanu? Mwini wake alipo. Kamuuzeni kuti mvula sidikira munthu, ndipo mdzukulu wanga sadzabadwira m'khitchini."

Za mimba ndinali ndisanawauze. Ndinakhala pakhomo pa kakhitchini kaja n'kulira, ulendo uno popanda sopo m'manja. Kuseri ndinamva phokoso la munthu akukoka makwerero mothamanga, nkhuku zikubalalika, mazira akusweka. Dzuwa linali litapendeka kale, koma amuna anga anakwera ndi mtolo woyamba tsiku lomwelo.